TIYI WA FUNGO: KODI M'KAPU MWANU MULI CHIYANI?

Munthu woyenda pa msewu waukulu wa M1 m'boma la Ntcheu, akaima pa Kampepuza, pa Boma, pa Mlangeni kapena pa Lizulu, sangalephere kuona tiyirumu. Mbandakucha, ogulitsa kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere asanayale malonda awo, ketulo imakhala ili kale pamoto. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Tsangano chimalowa mpaka m'mafupa, kapu ya tiyi ndiyo imatsitsimutsa mlimi asanagwire khasu. Kumudzi nako mlendo akafika, mayi wapakhomo amayamba wateleka madzi, pakuti akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Kale tiyi adali wa mitundu iwiri yokha, wa mkaka ndi wopanda mkaka. Masiku ano zinthu zasintha. M'masitolo muli timapaketi ta tiyi wa fungo la ndimu, wa jinja, wa sinamoni ndi wa zipatso zosiyanasiyana. Pamsika pali ogulitsa chidede chouma, ufa wa malambe ndi masamba a chammwamba. Abale ochokera ku Joni amabwera ndi rooibos m'zikwama. Aliyense amatama wake, ndipo ena amafika ponena kuti tiyi wawo amachiza matenda. M'nkhani ino tilawa mitundu imeneyi umodzi ndi umodzi ndi kuiyerekeza, kuti owerenga athu adziwe chimene akumwa, nthawi yoyenera kumwa, ndiponso amene sayenera kupatsidwa.

Kumene masamba amachokera

Ku Ntcheu kulibe minda ya tiyi. Mbewu imeneyi imafuna mvula yambiri yogwa miyezi yochuluka, choncho m'dziko muno imalimidwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay. Mbewu zoyamba zidafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, koma ulimi weniweni udayamba ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown adabzala tiyi m'munsi mwa phiri. Kuyambira pamenepo minda idakula, ndipo lero tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja pamodzi ndi fodya ndi shuga. Wochuluka amagulitsidwa kunja, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe, ndipo wotsala ndiye amalongedzwa m'mapaketi amene timagula m'magolosale, monga a Chombe.

Tiyi weniweni amachokera ku chitsamba chimodzi chokha, chimene akatswiri amachitcha Camellia sinensis. Othyola amatenga nsonga, masamba awiri ndi kamphukira. Ku fakitale masambawo amafotetsedwa, amaduladulidwa, amasiyidwa kuti ade, kenaka amaumitsidwa ndi moto. Akaumitsidwa asanade amakhala tiyi wobiriwira. M'masamba amenewa muli zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzikumbukira mpaka kumapeto kwa nkhani ino. Choyamba ndi kafeini, amene amachotsa tulo ndi kutopa. Chachiwiri ndi tanini, amene amapatsa tiyi mtundu wake ndiponso kukhakhala kuja kumene timamva palilime tiyi akakhala wamphamvu.

Magulu atatu a tiyi wa fungo

Kusakaniza tiyi ndi zonunkhira si chinthu chatsopano. Ku China amasakaniza masamba ndi maluwa a jasmine. Ku India amawiritsa tiyi pamodzi ndi mkaka, jinja, sinamoni ndi zokometsera zina. Ku Morocco amathiramo timbewu tonunkhira, ndipo ku England amakonda Earl Grey, tiyi wothiridwa mafuta a chipatso cha bergamot, chachibale cha ndimu, chimene chimalimidwa kwambiri kummwera kwa Italy. Kwathu kuno esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene idayamba m'chaka cha 1923, imakonza tiyi wosakaniza ndi zitsamba zonunkhira ndipo amagulitsidwa ngakhale kumaiko akunja.

Zonse zimene timazitcha tiyi wa fungo tingazigawe m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi masamba a tiyi osakaniza ndi zomera zenizeni, monga jinja kapena makoko a ndimu. Gulu lachiwiri ndi masamba a tiyi othiridwa fungo lopangidwa ku fakitale. Pa paketi pamakhala chithunzi chokongola cha chipatso, koma m'kati mulibe chipatsocho, muli fungo lake chabe. Tiyi wotere ndi wabwino kumwa, koma munthu asadzinyenge kuti akupeza mavitamini a m'chipatso. Paja amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Gulu lachitatu ndi zakumwa zopanda masamba a tiyi ngakhale pang'ono, monga chidede, udzu wonunkhira ngati ndimu, ndi rooibos. Timazitcha tiyi chifukwa timazimwa zotentha m'kapu, koma mulibe kafeini.

Kalawidwe kake

Akatswiri olawa tiyi m'mafakitale ndi ku Limbe ali ndi njira yawo yokhazikika. Amayeza magalamu 2 a masamba pa mamililita 100 a madzi owira, amavundikira kwa mphindi 6, kenaka amatsanulira m'timbale toyera tondandalika pamzere. Sathira shuga. Amayang'ana mtundu, amanunkhiza masamba onyowa, amapsontha ndi supuni mwaphokoso kuti tiyi afike ponseponse m'kamwa, kenaka amalavula. Mwa njira imeneyi amadziwa tiyi wa mtengo wapamwamba ndi wotsika.

Banja, gulu la amayi kapena komiti ya zaumoyo m'mudzi ingathe kuchita chimodzimodzi popanda kuwononga ndalama zambiri. Tengani makapu otsuka bwino ofanana kukula. Wiritsani madzi aukhondo mu ketulo imodzi. M'kapu iliyonse ikani mtundu umodzi, muyezo wofanana, ndipo mudikire nthawi yofanana. Musathire shuga kapena mkaka, chifukwa shuga amaphimba kukoma kwenikweni ndipo makapu onse amangofanana. Aliyense akhale ndi supuni yake yotungira m'kapu yakeyake, osati kupatsirana supuni m'kamwa. Yambani ndi wa fungo lofatsa, mutsirize ndi wowawasa kapena woyabwa. Pakati pa mtundu wina ndi unzake tsukani m'kamwa ndi madzi.

Kapu yoyamba: masamba okha

Iyi ndiyo yoyezera zinzake zonse. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwika ndi mtundu wake wofiirira mowala, ndipo ndi chifukwa chake amalonda akunja amamugula kuti asakanize ndi tiyi wa maiko ena. Akakhala m'madzi mphindi zitatu kapena zinayi amakoma mofatsa. Akawiritsidwa nthawi yaitali mumphika, monga amachitira m'matiyirumu ena, amada bii, amawawa ndipo amaumitsa lilime. Kuwawa kumeneko ndi tanini wochuluka, ndipo ndi kumene kumachititsa munthu kuwonjezera shuga. Kapu imodzi ili ndi kafeini wokwana mamiligalamu 40 mpaka 50.

Kapu yachiwiri: tiyi wa jinja

Jinja wamuwisi wosinja amaposa wa ufa pa fungo. Kachidutswa kofanana ndi nsonga ya chala nkokwanira kapu imodzi. Kukoma kwake kumabwera mochedwa: poyamba umamva tiyi, kenaka kutentha kumayamba kummero nkufalikira pachifuwa. Ndi chifukwa chake anthu a kumapiri, ku Tsangano ndi ku Lizulu, amamukonda nyengo yozizira. Ubwino wake ndi wakuti munthu amamva kufunda ngakhale tiyi atazizirako. Jinja amagwirizana ndi mkaka. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2016 osamalira amayi oyembekezera, lidatchula jinja pakati pa zinthu zothandiza kuchepetsa mseru m'miyezi yoyamba. Koma akachuluka amayambitsa kutentha pamtima, ndipo amene akumwa mankhwala osungunula magazi ayambe afunsa adokotala.

Kapu yachitatu: tiyi wa ndimu

Mukafinyira ndimu m'tiyi wakuda, mudzaona mtundu ukusintha nthawi yomweyo, nkukhala wowala ngati uchi. Kukhakhala kwa palilime kumachepa, ndipo kukoma kwake kumakhala kopepuka. Ndimu sagwirizana ndi mkaka, chifukwa mkaka umadukaduka. M'madzi a ndimu muli vitamini C, koma vitamini ameneyu amawonongeka akawiritsidwa. Choncho finyirani ndimu m'kapu tiyi atazizirako, osati mumphika uli pamoto. Mukayerekeza kapu imeneyi ndi ya tiyi wa m'paketi wolembedwa ndimu, mudzapeza kuti wa m'paketi amanunkha kwambiri, koma alibe kuwawasa kwa chipatso chenicheni.

Kapu yachinayi: udzu wonunkhira

Udzu umene ambiri amautcha lemon grass umamera bwino kuseri kwa nyumba kapena pafupi ndi potsukira mbale, ndipo phata limodzi limakwanira banja chaka chonse. Masamba awiri kapena atatu opindidwa, oviikidwa m'madzi owira kwa mphindi zisanu, amatulutsa chakumwa chachikasu chonunkhira ngati ndimu koma chosawawasa. Pa makapu onse, iyi ndiyo imamweka mosavuta popanda shuga. Mulibe kafeini, choncho ndi yoyenera madzulo, makamaka kwa okalamba amene amavutika kupeza tulo. Ndiponso siilira ndalama.

Kapu yachisanu: chidede

Chidede timachidziwa ngati ndiwo, koma zikhokho zake zofiira zikaumitsidwa zimapanga chakumwa chofiira ngati magazi, chowawasa kwambiri. Ku Egypt ndi ku Sudan amachitcha karkade, ku Senegal bissap. Kufiira kwake kwachititsa ena kukhulupirira kuti chimawonjezera magazi. Mtundu wa chakumwa sindiwo umapanga magazi, ndipo munthu wochepa magazi afunika chithandizo cha kuchipatala ndi zakudya zoyenera. Chimene ofufuza adapeza ndi china. M'chaka cha 2010 akatswiri a pa yunivesite ya Tufts ku Boston adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 65, ndipo amene ankamwa makapu atatu a chidede tsiku ndi tsiku kwa masabata 6 kuthamanga kwa magazi awo kudatsikako pang'ono. Kutsika kumeneko nkochepa, kosati nkulowa m'malo mwa mankhwala. Amayi oyembekezera amalangizidwa kuti asamamwe chidede chambiri. Vuto lina la chidede ndi lakuti kuwawasa kwake kumaitana shuga wambiri. Kusakaniza ndi jinja kapena udzu wonunkhira kumathandiza.

Kapu yachisanu ndi chimodzi: rooibos

Rooibos ndi chitsamba chomera kumapiri a Cederberg ku South Africa. Amatulutsa chakumwa chofiirira, chotsekemera pang'ono mwachibadwa, chosawawa ngakhale atakhalitsa m'madzi. Mulibe kafeini ndipo tanini ndi wochepa. Amene adazolowera tiyi wamphamvu amati rooibos ndi wosalowerera, koma kwa mayi woyembekezera kapena munthu amene mtima umagunda akamwa tiyi, ndi mlowam'malo wabwino. Chovuta chake ndi mtengo.

Kumadera otentha a ku chigwa cha Bwanje, monga ku Sharpevale ndi ku Kasinje, kuli malambe ndi bwemba. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri, ndipo umathandiza kwambiri ukasungunulidwa m'madzi owiritsa ozizira kapena ukathiridwa m'phala litaphulidwa, kusiyana ndi kuuwiritsa ngati tiyi. Masamba a chammwamba nawo ali ndi zofunika zambiri m'thupi, koma phindu lake limapezeka munthu akadya masambawo ngati ndiwo, osati akamwa madzi ake okha nkutaya masamba.

Tiyi ndi kuchepa kwa magazi

Tsopano tifike pa nkhani yaikulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse a miyezi 6 mpaka zaka zisanu, ana 63 adali ochepa magazi, ndipo mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, amayi 33 adali ndi vuto lomweli. Zoyambitsa zake ndi zambiri: malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi ndi kusowa kwa mchere wa ayironi umene thupi limapangira magazi. Tiyi sayambitsa vutoli payekha, koma amathandizira.

M'chaka cha 1975 madokotala a ku South Africa adaonetsa kuti tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya, thupi limalephera kutenga ayironi wokwanira. Tanini amagwirana ndi ayironi m'matumbo, ndipo zonse zimatuluka osagwira ntchito. Kafukufuku wina wa chaka cha 1999 adapeza kuti tiyi wakuda amachepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi magawo 79 mpaka 94 pa magawo 100, ndi kuti kuthira mkaka sikuthetsa vutoli. Zitsamba zina zopanda kafeini, monga timbewu tonunkhira, nazo zidapezeka kuti zimachepetsa. Ayironi amene amatsekerezedwa chotere ndi wa m'zomera: nyemba, khobwe, soya, bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Izi ndizo ndiwo za mabanja ambiri ku Ntcheu, amene nyama amaiona mwa apo ndi apo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Musamwe tiyi pa nthawi ya nsima. Dikirani ola limodzi kapena kuposerapo mutadya. Ofufuza a ku England m'chaka cha 2017 adatsimikiza kuti kudikira ola limodzi kumachepetsa kwambiri vutoli. Pa nthawi ya chakudya imwani madzi, ndipo mudye chipatso monga gwafa, lalanje, bango, papaya kapena masuku, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi. Ndimu wa m'tiyi amathandizako, koma sathetseratu mphamvu ya tanini. Inu amayi oyembekezera, mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira kusikelo muzimwera madzi, osati tiyi. Ndiponso musapyole makapu awiri kapena atatu a tiyi patsiku. Bungwe la WHO limachenjeza kuti kafeini woposa mamiligalamu 300 patsiku, kuphatikizapo wa m'khofi ndi m'zakumwa zina za m'mabotolo, angachititse kuti pathupi pachoke kapena mwana abadwe wochepa sikelo.

Kutentha kwa tiyi ndi khansa ya kummero

Ambiri a ife timati tiyi wabwino ndi wootcha milomo. Mwini tiyirumu akabweretsa wofunda, wogula amabweza. Chizolowezi chimenechi chili ndi ngozi. M'chaka cha 2016 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili ku Lyon m'dziko la France, lidalengeza kuti kumwa zakumwa zotentha kupyola madigiri 65 kungayambitse khansa ya kummero, njira imene chakudya chimadutsa popita m'mimba. Vuto silili m'tiyi ayi, koma m'kutentha. Kummero kukamapsa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, khungu la m'kati limawonongeka.

Nkhani imeneyi ikutikhudza kwambiri, chifukwa Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka koposa pa dziko lonse lapansi. Kafukufuku wochitika m'Malawi ndi ku Tanzania, amene zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2022, adapeza kuti anthu amene amakonda kumwa ndi kudya zotentha kwambiri, amene amamwa mofulumira, ndi amene amapsa m'kamwa kawirikawiri, ndiwo amadwala kwambiri nthendayi. Kachasu ndi fodya nazo zimawonjezera ngozi. Phala lotentha kwambiri lili m'gulu lomwelo.

M'nyumba zathu mulibe choyezera kutentha, koma zizindikiro zilipo. Ngati simungathe kugwira kapu ya chitsulo m'manja, ngati mukuuzira ndi kupsontha pang'onopang'ono poopa kupsa, tiyiyo sanafike pomwedwa. Dikirani mphindi zisanu kapena kuposerapo mutatsanulira. Tiyi wowiritsira pamodzi ndi mkaka amachedwa kuzizira, choncho afunika kudikira nthawi yotalikirapo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene amalawa tiyi amadziwanso kuti fungo ndi kukoma zimamveka bwino tiyi akazizirako, pakuti lilime lopsa silimva kanthu. Ndipo ngati munthu wayamba kuvutika kumeza nsima, kenaka phala, uku akuonda, asataye nthawi ndi zitsamba. Apite msanga ku chipatala cha boma cha Ntcheu kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi kuti akamuyeze.

Shuga

Tiyeni tiwerengere limodzi. Supuni yaing'ono yosasefukira imanyamula magalamu 4 a shuga. Munthu wothira masupuni atatu m'kapu, namwa makapu atatu patsiku, wadya magalamu 36. Pamwezi ndi kilogalamu yathunthu ndi kapamwamba, munthu mmodzi, m'tiyi mokha. Ngati masupuniwo ndi odzaza tho, muyezo umawirikiza. Malangizo a WHO a chaka cha 2015 amati munthu wamkulu asapyole magalamu 50 patsiku, amene ndi masupuni 12, kuwerengera shuga yense wa m'zakumwa, m'mandasi, m'masikono ndi m'maswiti, ndipo kuti nkwabwino koposa kukhala pansi pa magalamu 25.

Shuga wochuluka amaola mano, amanenepetsa, ndipo kunenepa kumatsegulira njira matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa chaka cha 2009 adapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi matenda a shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa. Nzoona kuti kuyambira chaka cha 2012 shuga wopangidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathiridwa vitamini A, koma chimenechi si chifukwa chowonjezera masupuni. Vitamini A amapezekanso m'maungu, m'mbatata yofiira m'kati, m'mango ndi m'masamba obiriwira.

Apa ndi pamene tiyi wa fungo amaonetsa phindu lake lenileni. Tiyi wosawiritsa mopyola muyezo, wokhala ndi jinja, sinamoni kapena udzu wonunkhira, amakoma ndi shuga wochepa. Musasiye mwadzidzidzi. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Pakatha miyezi iwiri, tiyi amene munkamwa kale mudzamuona ngati manyuchi. Ndalama ya shuga yopulumukayo igule mazira kapena usipa wa ana.

Tiyi si chakudya cha mwana

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Asapatsidwe tiyi, madzi kapena zitsamba zilizonse. Akapyola miyezi 6 ayambe phala lothira nsinjiro, soya, dzira kapena masamba osinja, uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Uchi asapatsidwe mwana wosakwana chaka chimodzi. Mimba ya mwana ndi yaing'ono: ikadzala ndi tiyi wa shuga, mwana amakana phala, ndipo ayironi wochepa amene akadapeza amatsekerezedwa. Mwana wasukulu amene wamwa tiyi yekha m'mawa amamva njala nthawi yopuma isanakwane. Mpatseni phala, mbatata kapena chinangwa ndi mtedza, kuti pakutha pa tsiku akhale atadya za m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya.

Ketulo ndi makapu otentha aziikidwa patali ndi ana okwawa. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, muphimbe ndi nsalu yoyera, nkuthamangira naye kuchipatala. Musapakepo dzira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano.

Tiyi si mankhwala

M'zaka za 2020 ndi 2021, nthawi ya mliri wa COVID-19, mabanja ambiri ankamwa jinja, ndimu ndi adyo. Zakumwa zotere zimafewetsa pakhosi ndipo zimathandiza wodwala chimfine kumwa madzi okwanira, koma sizipha kachilombo. Sizichizanso malungo, chifuwa chachikulu, matenda a shuga kapena Edzi. Mwana akatentha thupi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Amene ali pa mankhwala a ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye mankhwala chifukwa cha tiyi wina aliyense, ndipo auze adokotala zitsamba zonse zimene akumwa, pakuti zina zimalimbana ndi mankhwala. Chitsanzo ndi chitsamba chakunja chotchedwa St John's wort, chimene chimafooketsa mphamvu ya ma ARV ena ndi mapiritsi olera.

Chenjerani ndi tiyi wogulitsidwa m'mabasi ndi m'misika amene amati amaondetsa, amatsuka m'mimba kapena amachiza matenda khumi nthawi imodzi. Wambiri wa tiyi woondetsa amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba, ndipo chimene chimachoka m'thupi ndi madzi, osati mafuta. Pogula paketi werengani zimene zasakanizidwamo, dzina la opanga, tsiku lotha ntchito, ndipo muone chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards. Ufa wopanda dzina womangidwa m'kapepala musaukhulupirire. Safunsa adadya phula.

Ukhondo m'nyumba ndi m'tiyirumu

Tiyi ali ndi ubwino umodzi umene sitiyenera kuuiwala: madzi ake ndi owiritsa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatikumbutsa kufunika kwa madzi aukhondo. Komabe madzi owira sathandiza ngati atsanuliridwa m'kapu yotsukidwa m'beseni limodzi la madzi akuda kuyambira m'mawa. Eni matiyirumu atsuke makapu ndi sopo, atsukuluze ndi madzi oyera othira klorini kapena owiritsa, ndipo aumike pathandala. Pakhomo pakhale posambira m'manja ndi sopo. Masikono ndi mandasi avundikiridwe ku ntchentche. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi uwiritsidwe nthawi zonse.

Zouma monga chidede, jinja ndi makoko a ndimu ziyanikidwe pamalo oyera, pamwamba, osati pansi pamene pamayenda nkhuku, ndipo zisungidwe m'botolo lotseka bwino. Zikachita nkhungu zitayidwe. Zitsamba zothyoledwa m'mbali mwa dimba lopoperedwa mankhwala, monga madimba a tomato ndi kabichi, zisagwiritsidwe ntchito.

Kodi wopambana ndi uti?

Tikayerekeza makapu onse asanu ndi imodzi, palibe imene ikuposa zinzake pa zonse. M'mawa wozizira, kwa munthu wamkulu wopita kumunda, tiyi wa jinja ndi wabwino. Masana otentha a mu Okutobala, tiyi wa ndimu kapena chidede chozizira chimatsitsimutsa. Madzulo, ndiponso kwa okalamba, udzu wonunkhira kapena rooibos sizisokoneza tulo. Kwa mayi woyembekezera, kapu imodzi kapena ziwiri za tiyi wopepuka, pakati pa chakudya ndi chakudya. Kwa khanda, bere lokha.

Choncho musanamwe, dzifunseni mafunso anayi. Kodi papita ola chidyere? Kodi tiyiyu wazizirako? Kodi ndathira masupuni angati? Kodi amene ndikumupatsayu ndi woyenera kumwa? Alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo kuyambira kwa Ganya mpaka kwa Phambala, kambiranani mafunso amenewa ndi anthu anu kusikelo, kusukulu ndi pamisonkhano. Inunso eni matiyirumu, yesani kuika jinja ndi udzu wonunkhira pambali pa mbale ya shuga, ndipo musakhumudwe wogula akapempha tiyi wozizirako. Kupewa kuposa kuchiza.